Za kuwedza pa ayezi zija, ndinayamba ndi perch

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa kuti munthu wongoyamba kumene kuwedza pa nyanja youndana ayambe ndi nsomba iti. Ena munati walleye, ambiri munati perch, ndipo ndinatsata ambiriwo. Loweruka ndinapita ku Cook's Bay, pa Lake Simcoe kuno ku Ontario m'dziko la Canada, chiphaso chowedzera chili m'thumba.

Pa dzenje loyamba loboola pa ayezi ndinakhala ola lathunthu, mbedza ili zii. Bambo ena achikulire anandiuza kuti ndisunthe chifukwa perch zimayenda m'magulu. Pa dzenje lachitatu ndiye zinayamba kudya. Nyambo inali tinsomba tokhala ngati matemba. Ndinkaitsitsa mpaka pansi n'kuikweza pang'ono chabe. Kadyedwe kake n'kaulemu, nsonga ya ndodo imangogwedera pang'ono, mukachedwa kukoka nyambo yapita. Ndinagwira 14. Ubwino wake zimadya masana, pomwe walleye zimakonda mbandakucha ndi chisisira, nthawi imene kuzizira kumalowa m'mafupa.

Musaponde ayezi wosakwana masentimita 10 kukhuthala. Magolovesi tengani mapeyala awiri. Anga atanyowa, zala zinauma gwaa mpaka kulephera kukoleka nyambo.