Liwu loti “green” likusokoneza ophunzira Achitchaina, tiliphunzitse bwanji?

Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kalasi ndi ya anthu aakulu 8, onse olankhula Chimandarini, ali pa mlingo wapakati wa Chingerezi wotchedwa B1, ndipo phunziro lililonse ndi la ola limodzi pa intaneti. M'nkhani yowerenga liwu loti “green” lapezeka kanayi, koma palibe pamene likunena za mtundu: “the new driver is still green”, “the board gave the green light”, “she was green with envy”, “eat your greens”. Onse alemba lǜsè, liwu la Chimandarini la mtundu wobiriwira, paliponse, mafunso a tanthauzo n'kuwalephera. Mndandanda wa zining'a amauloweza bwinobwino, koma pakapita masiku ochepa zimasakanikiranso. Ndikufuna phunziro limodzi loti zikhazikike. Ndiyambire pati?

Phiri: Mayi Nabanda, mndandandawo ndi umene ukukupwetekani. Umaika matanthauzo onse pamzere umodzi ngati amavuta mofanana, pomwe kwa munthu wa Chimandarini ena ndi aulere, ena ndi msampha. Agaweni potengera zimene chinenero chawo chimachita kale.

Aulere ndi awa: green light ndi lǜdēng, green card ndi lǜkǎ, green tea ndi lǜchá, green energy ndi lǜsè néngyuán. Apa musapitirire mphindi 5. Tanthauzo akulidziwa, chimene chimawagwetsa ndi mneni. Kwawo amati kāi lǜdēng, ndiye kuti loboti “amaitsegula”, choncho mudzamva “the manager opened the green light for us”. Chingerezi chimafuna give kapena get: give somebody the green light, get the green light to start. Alembe ziganizo zitatu aliyense ndi aneni awiriwa, basi. Muwauzenso kuti m'Chingerezi mawuwa ndi chilolezo chabe, alibe kafungo ka kukondera kamene kāi lǜdēng amakhala nako kawirikawiri.

Pofunika kukhalitsa ndi pa tanthauzo la uwisi: green bananas, green wood, a green recruit. Cholakwika chimene ambiri timachita ndi kuwasiya akufunafuna tanthauzoli mu lǜ, liwu lawo la kubiriwira. Mulibe m'menemo. Lili mu qīng ndi shēng. Qīng ndi liwu lakale limene limagwira kubiriwira kwa zomera, mtundu wa kuthambo, ngakhale kuda kwa tsitsi mu qīngsī. Koma taonani kumene limapezeka tsiku ndi tsiku: qīngcài ndi ndiwo zamasamba, qīngjiāo ndi green pepper, qīngnián ndi wachinyamata, qīngsè ndi chipatso chosapsa komanso munthu amene sanakhwime. Shēng ndi chachiwisi, ndipo shēngshǒu ndi munthu watsopano pa ntchito. Mukangolemba qīngsè pafupi ndi “still green”, chiganizo cha dalaivala chija chamveka, ndipo “greens” wabwera yekha kudzera mu qīngcài. Kwa ife sizachilendo: mango aawisi, nkhuni zaziwisi, chimanga chachiwisi, zonsezi Mngerezi amati green.

Gondwe: Nzeru yabwino a Phiri, koma masukulu ambiri olemba aphunzitsi a pa intaneti amaletsa chinenero cha ophunzira m'kalasi. Komanso ambiri a ife mawu a Chimandarini timawapha potchula. Qīng ukamulakwitsa kamvekedwe wasanduka qǐng, kupempha, kapena qíng, ndipo kalasi yonse imasiya green n'kuyamba kukukonza iweyo.

Phiri: Simukuyenera kutchula inuyo achimwene. Apatseni ngati ntchito ya kunyumba tsiku lisanafike: aliyense abwere ndi mawu 5 a chinenero chake okhala ndi lǜ ndi ena 5 okhala ndi qīng, atawamasulira m'Chingerezi chapafupi. M'kalasi amafotokozerana m'Chingerezi chokhachokha. Lamulo la sukulu silinathyoledwe, ndipo amene wapeza yekha kuti qīngcài ndi greens saiwala.

Nyirenda: Ine ndilowe pa misampha, chifukwa ndi pamene malikisi amathera.

Woyamba ndi kaduka. M'Chimandarini munthu wakaduka amafiira maso, yǎnhóng, ndipo hóngyǎnbìng ndi matenda a maso enieni komanso nthenda ya kaduka. Wophunzira akamasulira yekha amalemba “he is red-eyed about my new car”, pomwe Mngerezi akamva red-eyed amaona munthu amene walira kapena sanagone. Ndiye si kungowonjezera liwu latsopano ayi, mukuchotsa mtundu wina n'kuikapo wina. Lembani mbali ziwiri pa bolodi, yǎnhóng uku, green with envy uko, ndipo pansi pake red eyes ndi chithunzi cha munthu wotopa. Zonse zitatu ziziwoneka nthawi imodzi. Mukasiya chachitatucho, red-eyed adzabweranso pa mayeso.

Samalaninso kulemera kwake. “I'm green with envy” kawirikawiri ndi mawu opepuka, ouza mnzako amene akupita kutchuthi, pafupi ndi xiànmù, kusirira, osati jídù, kaduka kenikeni. Nsanje ya m'banja, imene iwo amati chīcù, kudya viniga, Chingerezi chake ndi jealous, ndipo green with envy sagwira pamenepo. Liwu lotsatira with lisasinthidwe: envy, osati anger, osati admiration.

Wachiwiri ndi msika wa masheya, ndipo ngati muli ndi ophunzira a zamalonda uwu ndi wofunika kuposa zining'a zonse. Ku Shanghai ndi ku Shenzhen mtengo ukakwera manambala amafiira, ukatsika amabiriwira. Ku London ndi ku New York ndi mosemphana. Choncho mutu wa nkhani woti “markets closed in the green” wophunzira wanu amaumva kuti msika wagwa. Onetsani zithunzi ziwiri za tsiku limodzi, china cha ku Shanghai china cha ku New York, afotokoze m'Chingerezi kuti chakwera n'chiti. Chowathandiza n'chakuti “in the red” amakumana ndi chìzì, manambala ofiira a kuperewera kwa ndalama, amene amawadziwa kale. Yambani ndi ameneyo, in the green abwere pambuyo ngati mnzake wotsutsana naye.

Wachitatu ndi mawu amene amaoneka ngati Chingerezi chabwino koma anabadwira ku China. “Green food” ndi lǜsè shípǐn, chizindikiro cha boma choikidwa pa zakudya, chimene unduna wa zaulimi unayambitsa mu 1990. Wa ku Britain akamva green food amaganiza za chakudya chobiriwira mtundu. Musangowauza kuti ndi organic, chifukwa kwawo organic ndi yǒujī, gulu lina lokhala ndi malamulo ake. Aphunzire kufotokoza: certified low-pesticide food, kapena mawu ena otero. Chimodzimodzi “green channel”. Ku China lǜsè tōngdào ndi njira yachangu kulikonse, kuchipatala, kubanki, ku ofesi ya boma. M'Chingerezi cha ku Britain green channel ndi khomo la pabwalo la ndege la anthu opanda katundu wolipirira msonkho. Zinazo ndi fast track.

Nankhoma: A Nyirenda mwasiya chipewa.

Nyirenda: Ndachisiya dala, ndimaona ngati n'chochititsa manyazi m'kalasi ya amuna ndi akazi.

Nankhoma: Manyaziwo amakula mukachibisa. Dài lǜ màozi, kuvala chipewa chobiriwira, ndiye kuti mkazi wa munthuyo akuyenda ndi mwamuna wina. Ndi mawu akale, amachokera ku malamulo a zovala a nthawi ya maufumu a Yuan ndi Ming, pamene amuna a m'mabanja a akazi oyendayenda ankakakamizidwa kumanga nsalu yobiriwira kumutu, ndipo mpaka lero aliyense amawadziwa. Pali zinthu ziwiri apa. Choyamba n'cha mphunzitsi: fufuzani zithunzi zanu. Mabuku a ana a mitundu amakonda “a green hat”, ndipo phunziro la St Patrick's Day, pa 17 Malichi, limadzaza ndi anthu ovala zipewa zobiriwira. Mukaonetsa chithunzi chotero osadziwa, kalasi imaseka chamumtima, inu n'kumadabwa. Musamuuze wophunzira wamwamuna kuti “imagine you are wearing a green hat”, sinthani ikhale jekete. Chachiwiri n'cha wophunzira: ayenera kumva momveka kuti m'Chingerezi green hat ndi chipewa basi, kuti asalembe “she gave him a green hat” poganiza kuti amveka. Chiganizo chimodzi chikukwana, “she cheated on him”. Cuckold ndi liwu lakale la m'mabuku, pa B1 alibe nalo ntchito. Nenani mwaulemu, mphindi ziwiri, pitirirani.

Nabanda: Zikomo kwambiri nonse. Nanga green fingers, greenback, greenhorn, green around the gills? Zonsezi zili pa mndandanda wa m'buku lathu.

Mwale: Chepetsani, achemwali. Mabuku amakonda zining'a chifukwa zimakongoletsa tsamba, osati chifukwa anthu amazinena kwambiri. Lowani pa SKELL, tsamba la pa intaneti loonetsa ziganizo zenizeni za Chingerezi, ndi laulere, lembani green muwerenge ziganizo 40 zimene ikupatseni. Mudzaona kuti mtundu weniweni, zomera ndi za chilengedwe ndi zimene zadzaza, zining'a n'zapatalipatali. Greenback ndi dzina la dola ya ku America lochokera ku ndalama zapepala za m'ma 1860, ndipo masiku ano limapezeka makamaka m'nkhani za chuma. Wowerenga nkhani zotero alizindikire, asavutike kuligwiritsa ntchito. Greenhorn musiyeni. Green fingers ndi ya ku Britain, green thumb ya ku America, sankhani imodzi potengera kumene ophunzira akupita. Green around the gills m'malo mwake aphunzitseni “you look a bit green”, imene ili pafupi ndi liǎnsè fā qīng, nkhope ya munthu amene wadwala kapena wachita mantha. M'Chingerezi kawirikawiri ndi mseru, monga wa m'sitima ya pamadzi.

Chimene mndandanda sukuphunzitsa, koma ndi chimene chimawapulumutsa pa mayeso, ndi kuona malo amene liwulo lakhala m'chiganizo. Munthu ndi still, too kapena a bit, kenako green: sanakhwime pa ntchito. Look kapena turn green: wadwala. Green with: kaduka. Green patsogolo pa policy, energy, transport, kapena pambuyo pa go: za chilengedwe, huánbǎo. Greens ndi s: ndiwo zamasamba, koma the Greens ndi G wamkulu ndi chipani. The green pakakhala palibe dzina lotsatira: bwalo la udzu, la pakati pa mudzi ku England kapena pamene pali dzenje pa gofu. Chimandarini sichiika s wochulukitsa komanso chilibe the, ndiye maso awo amalumpha tizidutswa timeneti, pomwe tanthauzo lonse lagona pamenepo. Auzeni azungulize ndi cholembera liwu la kumanzere ndi la kumanja kwa green asanayankhe funso lililonse. Mukuchotseratu ndi “a green colour car”, imene imabwera chifukwa cha sè wa mu lǜsè, amene amatanthauza mtundu.

Gondwe: Katchulidwe musakaiwale, ndipo apa tidziyang'anenso ife eni. Chimandarini sichiyamba phatikizo ndi malembo awiri opanda liwu, choncho green amatuluka “ge-rin”, monga dzina loti Green amalilemba Gélín. Chichewa nachonso chimalowetsa liwu pakati, girini, ndipo l ndi r timawasinthanitsa osazindikira. Mphunzitsi akati “gleen” wophunzira sangamve kusiyana kwa grass ndi glass. Gwiritsani ntchito mawu ojambulidwa a mu mtanthauziramawu. YouGlish, yomvetserapo katchulidwe ka mawu m'mavidiyo, ndi yabwino koma imadalira YouTube, imene ku China ndi yotsekedwa, ndiye jambulani nokha kachidutswa mutumize pa WeChat. Ayeseze green, grin, grain, mawu atatu okha, maulendo 10, wina atchule wina aloze. Ochokera kummwera kwa China ambiri amasakaniza n ndi ng kumapeto, mumva “gring”. Auzeni lilime likhudze kuseri kwa mano a m'mwamba.

Chinanso ndi kutsindika. GREENhouse, mphamvu kumayambiriro, ndi nyumba yagalasi yolimamo mbewu, wēnshì, ndiye mwini wa greenhouse effect ndi greenhouse gases. Green HOUSE ndi nyumba yopakidwa penti wobiriwira. Awombe m'manja pa phatikizo lamphamvu. Ndipo Greenwich satchulidwa ndi green, ndi “gren-ich”, w samveka.

Phiri: Ola lanu likhoza kuyenda chonchi, mayi. Mphindi 5 katchulidwe. Mphindi 10 afotokozerane mawu a lǜ ndi qīng amene abwera nawo. Kenako makadi 12, khadi lililonse chiganizo chathunthu osati chining'a chokha, ophunzira awiriawiri m'zipinda za Zoom kapena chilichonse chimene mumagwiritsa ntchito, agawe milu itatu: zofanana ndi lǜ, zofanana ndi qīng, zosemphana. Apatseni mphindi 15 ndipo musawathandize, kukangana kwawo ndiye phunzirolo. Mphindi 15 zotsatira zipite ku mulu wosemphana wokha: kaduka, masheya, green food, chipewa. Zotsalazo alembe ziganizo 4 za ntchito yawo, kenako awerengenso nkhani imene inawagwetsa ija. Makadi asapose 12, mukafika 20 mwabwerera ku mndandanda.

Nabanda: Nanga kuiwala kwa pakapita masiku kuja?

Mwale: Mphindi 3 kumayambiriro kwa phunziro lotsatira, kenako pakatha sabata, kenako pakatha masabata atatu. Koma musabwereze ziganizo zomwezo, aloweza chiganizo m'malo mwa tanthauzo. Ngati khadi linali la dalaivala, lotsatira likhale “the team is talented but green”. Funso lisakhale loti amasulire, likhale loti asinthe green ndi liwu lina la Chingerezi: inexperienced, unripe, sick, eco-friendly, permission. Youdao, pulogalamu ya mtanthauziramawu ya ku China, ayitseke pa mphindi zitatuzo, chifukwa tanthauzo loyamba limene imaonetsa ndi lǜsè ndipo diso limaima pomwepo. Blue ndi yellow musawakhudze mwezi uno. Huángsè, yellow wa m'Chimandarini, ali ndi nkhani yakeyake ya zolaula imene m'Chingerezi imagwera pa blue, ndipo mukaziphatikiza ndi green m'sabata imodzi mitundu itatu yonse isokonekera.

Nankhoma: Pa makadi 12 aja muikepo limodzi la mtundu weniweni, monga “she painted the door green”. Mukapanda kutero, pofika mapeto a phunziro ayamba kufunafuna tanthauzo lobisika ngakhale pa chitseko.