Thandizeni, mwana wanga wa hemofiliya wagwa mumtengo ndipo akulira msana

A admin ndibiseni dzina. Ndili ku Mulanje kuno, chakufupi ndi Chitakale. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 7 ali ndi hemofiliya A, matenda aja magazi amachedwa kuundana. Anamupeza nawo ali ndi zaka 3, atadziluma lilime n'kukha magazi masiku awiri osaleka.

Dzulo madzulo anagwa chagada mumtengo wa mapeyala, sikuti pamwamba kwenikweni ayi. Anadzuka yekha, bala palibe, nsima anadya. Usiku ndiye anayamba kulira msana, pakati pa mapewa. M'mawa uno akukana kuwerama, akuti mwendo wamanzere wachita dzanzi ngati anaukhalira. Popita kuchimbudzi ndaona akuchita kuukoka, patapata linavuka iye osamva n'komwe.

Apongozi akuti ndimuthowe ndi madzi otentha, zikakanika akamuteme mphini. Bambo ake ali ku esiteti ya tiyi, malipiro mpaka Lachisanu. Bondo likatupa timadziwa chochita, koma msana? Ndimupatse bufeni ndidikire Lachisanu?

Namwino wina: Mayi, musadikire ngakhale madzulo ano. Mwana wa hemofiliya akagwa amatha kukha magazi mkati mwa fupa la msana. Malo ake ndi opanikizika, ndiye magaziwo akadzadza amafinya mtsempha waukulu umene umayendetsa miyendo ndi chikhodzodzo. Dzanzi mukunenalo ndi chizindikiro chake. Mtsemphawu ukafinyika nthawi yaitali mwendo utha kufooka osadzabwereranso, n'chifukwa chake timawerenga maola. Pitani pa chipatala cha boma pa Mulanje ndi kabuku kake, ndipo musakakhale pamzere chete. Mukanene pakhomo pomwe kuti ndi wa hemofiliya A, wagwa, mwendo ukufooka. Chimene akusowa m'magazi mwake ndi factor VIII, chinthu chothandiza magazi kuundana. Imeneyo amayenera kuilandira pamtsempha msanga, asanadikire sikani. Zikatero ndiye MRI, sikani younika mkati mwa msana, ndipo mwina akutumizani ku Queens ku Blantyre.

Wina: Mesa bufeni ndi wa ululu, amupatse kaye mwana apume.

Namwino uja: Ayi bambo. Bufeni, asipirini, indosidi ndi diclofenac zimawonjezera kukha magazi. Panado yekha, pamlingo wa msinkhu wake. Jakisoni wa pathako nayenso ayi, mukawakumbutse.

Mayi wa ku Luchenza: Achemwali, wanga ali ndi hemofiliya B, amalandira factor IX. Za mphinizo kanani mwaulemu koma mukanitsitse, lumo pathupi pa mwana ameneyo lisafike. Kuthowanso ayi. Komanso musamukweze kabaza kapena kumubereka, mabampu amupweteka. Agone chowongoka pampando wakumbuyo wa galimoto, khosi lisapindike. Ndalama bwerekani ku banki mkhonde, mudzalongosola Lachisanu.

Winanso: Wakodza lero? Mukawauze adokotala zimenezo, amafunsa.

Mwini funso: Chidzukireni sanakodze, ndimayesa n'chifukwa sanamwe tiyi. Aneba avomera kutitenga pa galimoto yawo, mafuta tidzabweza. Apongozi akwiya pang'ono koma ndi amene anyamula bulangete ndi kabuku. Tikunyamuka, ndiyankha tikafika.