Usiku wokumbukira AKA: tiyale bwanji nyimbo, ndipo za mikangano yake tinenepo ziti?

Wa ku Mufakose, ku Harare: Abale, achinyamata akuno akukonza zokumbukira AKA, woimba rap wa ku South Africa, pa 10 Febuluwale, tsiku limene anamuwombera ku Durban mu 2023. Nthawi ya nyimbo ndi ola limodzi. Tiziyale bwanji? Nanga woyendetsa mwambo anene chiyani za mikangano yake ndi oimba anzake, Cassper Nyovest wa ku South Africa ndi Burna Boy wa ku Nigeria, popanda kunamiza anthu?

DJ wa ku Mbare: Achimwene, mu ola limodzi mumalowa nyimbo 20 mukamadula iliyonse pa mphindi zitatu. Tsatani zaka, anthu amve mmene mnyamatayu ankakulira. Yambani ndi "Victory Lap" ya mu chimbale cha Altar Ego cha 2011, kenaka mukhalitse pa Levels cha 2014 chifukwa mpamene pali mafuta: "Congratulate", "Run Jozi" imene anaimba ndi K.O, ndi "All Eyes on Me". Yomalizayi musaidule msanga. Pansi pake pali mawu a Brenda Fassie, ndipo mudzaona amayi amene sadziwa n'komwe rap akudzuka pamipando. Luso la AKA linali pomwepo, kutenga nyimbo zimene makolo a ku Joni ankavina n'kuziveka malaya atsopano. Kuchoka apo, "Fela in Versace" ndi "Jika" za mu Touch My Blood cha 2018, n'kutsekera ndi "Lemons" ndi "Company" za mu Mass Country, chimbale chimene chinatuluka pa 24 Febuluwale 2023, patangotha masabata awiri mwini wake atamwalira.

Pezani nyimbo zochotsa mawu otukwana ngati pabwera akuluakulu. Ndipo "Composure", nyimbo yake yonyoza Cassper, musaiponye pakati pa gule, anthu amangoima. Ija ndi yotchera khutu.

Achemwali a ku Highfield: Za Cassper n'zosavuta. Mu 2015 AKA anatulutsa "Composure", Cassper n'kuyankha ndi "Dust 2 Dust", ndipo chaka chomwecho Cassper anadzaza holo yaikulu ya Dome ku Johannesburg. Nkhonya zimene ankalonjezana mu bwalo sizinachitike.

Ya Burna Boy ndi imene anthu amaisokoneza, ndipo ifeyo imatikhudza chifukwa abale athu ambiri ali ku Joni. Mu Julayi 2019 Nigeria inagonjetsa Bafana Bafana 2-1 pa mpikisano wa mpira wa AFCON, AKA n'kulemba pa Twitter zosonyeza kuwawidwa mtima pogonja kwa Nigeria. Mu Sepitembala, anthu obwera atayamba kumenyedwa ndi kuwotcheredwa mashopu ku Johannesburg, mawu a mpira aja anafukulidwa ngati kuti walemba sabata yomweyo. Burna Boy, mnzake wa mu "All Eyes on Me", anamukalipira poyera n'kunena kuti sadzapondanso ku South Africa. Woyendetsa mwambo atchule miyezi iwiriyi mosiyanitsa. Akaiphatikiza amusenzetsa munthu mlandu wolimbikitsa zipolowe, pomwe iye ankadandaula za mpira, ngakhale kuti pakamwa pake panalidi pakuthwa.

Malume wa ku Dzivarasekwa: Ana anga, pa imfa yake nenani zodziwika zokha: anaphedwa pa msewu wa Florida Road ku Durban pamodzi ndi mnzake Tibz, ali ndi zaka 35, ndipo mu Febuluwale 2024 apolisi analengeza kuti amanga oganiziridwa, awiri mwa iwo ku Eswatini. Za amene anatuma achiwembuwo zisiyireni khoti. Imfa ya bwenzi lake Anele mu 2021 musaiike pa maikolofoni, mwana uja ali ndi makolo ake amene akulirabe.