Za sewero lathu la mu Julayi

Mdzukulu wa ku Mchengautuba: Mwadzuka bwanji nonse. Sewero lopezera fizi ya ana a malemu lija ndamaliza kulemba. Pa katauni kena, mwini chigayo wapezeka atafa kudambo m'mamawa. Sabata isanathe, mphunzitsi amene anamulembera wilo nayenso wafa. Chinsinsi n'chakuti mnyamata woyendetsa chigayoyo ndi mwana wa mwini chigayo wobadwira kunja kwa banja, koma mnyamatayo sakudziwa. Wakupha ndi mng'ono wa mwini chigayoyo. Ochita sewero ndi 8, magawo atatu, mphindi 75.

Malume a ku Katoto: Tadzuka. Ndisanayamikire, ndifunse. Ife tikutolera ndalama za ana amasiye, ndiye tikuonetsa m'bale akupha m'bale chifukwa cha chuma. Anthu a muno mu Mzuzu sanena kuti tikudziulula tokha?

Azakhali a ku Chibavi: Achimwene, funso lanu ndi lomveka. Tauniyo isakhale ndi dzina, ndipo pasapezeke dzina kapena mfunda wa kwathu. Tisatchulenso Ekwendeni kapena malo ena odziwika, wina angaloze chigayo cha mnzake. Koma nkhani yolanda katundu wa amasiye ndi yofunika kuti anthu aimve.

Malume a ku Katoto: Chabwino, zikatero ndavomera.

Alamu a ku Luwinga: Ndawerenga usiku. Chifukwa chophera chikufooka pa gawo lachiwiri. Mng'onoyo akuti "mwana wa kunja alibe gawo", ndipo palibe akumutsutsa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati mwana ndi mwana, kaya anabadwira m'banja kaya kunja. Munthu akamwalira wopanda wilo, oyamba ndi mkazi ndi ana, osati abale ake. Kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Ndiye mng'onoyo azidziwa zimenezi, ndipo mantha ake achokere pamenepo. Wilo imasainidwa pamaso pa mboni ziwiri. Mphunzitsi ndi mboni yoyamba, wafa. Yachiwiri ndani? Oonerera akangodzifunsa funso limeneli, sachoka pampando.

Mdzukulu wa ku Mchengautuba: Eya! Yachiwiri akhale mayi wogulitsa mandasi pakhomo pa chigayo, amene akuoneka kuyambira gawo loyamba ngati wosafunika.

Alamu a ku Luwinga: Zinanso zokonza. Mwalemba kuti majisitireti akugamula mlandu wakupha tsiku lomwelo. Ayi. Womangidwa amayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, koma mlandu wakupha umazengedwa ku bwalo lalikulu, ndipo muno mu Mzuzu lilipo. Belo ya mlandu wotere imapemphedwanso komweko. Komanso musalembe kuti wopezeka wolakwa amangonyongedwa basi. Kuyambira 2007 chilango cha imfa sichokakamiza, woweruza amayang'ana momwe zinakhalira. Ine ndikanati sewero lithere pomumanga, za kukhoti zisiyeni, zimachedwetsa.

Azakhali a ku Chibavi: Mwanangu, za mtembo tsopano, chifukwa muholomo mudzakhala anamwino ndi apolisi. Thupi limayamba kuuma pakadutsa maola angapo, kuyambira nsagwada ndi khosi, ndipo pofika maola pafupifupi 12 limakhala litauma lonse. Kukazizira limachedwa kuuma. Ndiye ngati mng'onoyo akulumbira kuti anacheza ndi mkulu wake 5 koloko m'mawa, koma pa 7 koloko mtembo uli gwa ngati thabwa, m'nyengo ya chisanu ngati ya Julayi kuno, bodza lake lagwidwa. Chachiwiri, magazi amatsikira mbali imene thupi lagonera n'kudetsa khungu. Akapezeka chafufumimba koma kuda kuli kumsana, ndiye kuti anafera kwina chagada n'kudzatayidwa. Pa khungu lakuda sizioneka msanga, choncho anene zimenezi ndi dokotala wopima mtembo, osati munthu wodutsa.

Mdzukulu wa ku Mchengautuba: Azakhali, nanga ndikaika ufa m'khosi mwa malaya ake?

Azakhali a ku Chibavi: Ndi zomwezo. Kudambo ufa ukatani? Koma ufawo uoneke pa gawo loyamba. Mkazi wake aukunthe akulira, osanena kanthu. Ukaubisa mpaka kumapeto, anthu adzati wawanamiza.

Achimwene a ku Zolozolo: Pamenepo ndi pamene masewero ambiri otere amagwera. Zizindikiro zikhale zitatu, chilichonse chioneke kamodzi poyera: ufa, nthawi yabodza, ndi kiyi wa chigayo amene mng'onoyo ali naye pamene akuti kiyi ndi mmodzi. Oganiziridwa molakwika akhale awiri okha, mkazi ndi mnyamata uja. Akachuluka, anthu amasokonezeka n'kuyamba kucheza. Imfa yachiwiri ichitike cha pa mphindi 40, pomwe anthu ayamba kuganiza kuti amudziwa wolakwa. Ndipo kuphako kusaoneke. Nyali izime, kumveke mpando ukugwa, ndiye zii kwa masekondi asanu.

Amayi aang'ono a ku Chiputula: Magazi ndipanga ine. Kapu imodzi ya manyuchi a m'botolo, sipuni yaikulu ya kala yofiira yophikira, kasipuni ka koko kuti adere, ndi madzi pang'ono. Popanda koko amaoneka ngati Sobo. Timathira m'timapepala ta fulizesi n'kumata ndi tepi mkati mwa malaya. Osadzaza kwambiri, kamaphulika nthawi isanakwane. Kalayo sachoka pa nsalu yoyera, ndiye malaya tigule awiri ofanana pa kaunjika. Pansi tiyale pulasitiki, apo ayi nyerere zidzadzaza holo ya eni ake. Magazi a munthu wofa dzulo akhale oderako, pamenepo koko wambiri.

Achimwene a ku Zolozolo: Mpeni weniweni kapena chikwanje zisafike n'komwe. Tidula katoni yolimba, zidutswa ziwiri zomata pamodzi, n'kukuta ndi pepala lonyezimira. Magetsi akazima tikhale ndi batire ya galimoto yotchaja, mababu a LED anayi ndi matochi atatu. Phokoso la chigayo tikajambule pa foni, mphindi ziwiri zikwana, koma liziseweredwa motsika kuti lisamize mawu.

Malume a ku Katoto: Nanga yunifomu ya wapolisi tibwereka kuti?

Alamu a ku Luwinga: Tisabwereke, malume, kuvala yunifomu ya polisi popanda chilolezo kungatiike m'mavuto. Wathuyo ndi wa CID, amavala zovala wamba. Jekete, kope ndi cholembera basi. Chofunika kwambiri ndi chilolezo cha Censorship Board, bungwe la boma lounika masewero ndi makanema, poti tikulipiritsa pakhomo. Ndikafunsa ndondomeko yake Lolemba, koma ndikufunika sewero lolembedwa lonse m'manja.

Amayi aang'ono a ku Chiputula: Mayi wa mandasi uja azilankhula Chitumbuka. Anthu adzamukonda, ndipo akadzaulula za wilo adzamumvera. Ana aang'ono asalowe, tilembe pa chikwangwani. Tiyambe 2 koloko masana kuti anthu abwerere kusanade, kunja kukuzizira. Mazenera titchinge ndi mabulangete kuti mdima uja utheke.

Azakhali a ku Chibavi: Ana a malemu amene tikuwatolera fizi aja awerenge kaye asanaone pa siteji. Ngati pali mawu owapweteka, achotsedwe.

Mdzukulu wa ku Mchengautuba: Ndiwapititsira ndekha Loweruka ndikakonza zonsezi.

Malume a ku Katoto: Kuyeserera kuyambe Lamlungu 3 koloko kunyumba kuno, kawiri pa sabata kwa masabata asanu. Banja lililonse litumize chopereka cha holo kwa amayi aang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba lisanafike Lachisanu, ndipo mutumize uthenga wotsimikizira pano. Mng'ono wakuphayo asewera ndani? Sindinamve wodzipereka.

Achimwene a ku Zolozolo: Ndisewera ine, malume. Pafunika munthu amene anthu sangamukayikire, ndiye gawo loyamba ndidzakhala amene akutonthoza namfedwa ndi kuyendetsa mwambo wa maliro. Mdzukulu, unditumizire mawu anga lero.