Intavyu ya ku Cape Town yatsala masabata awiri, koma ndikamalemba code ndimangoti zii

Jafali (Mangochi Boma): Akuluakulu, moni nonse. Ndabwera ndi vuto. Ndinafunsira ntchito ya software engineer ku Amazon, ofesi ya ku Cape Town. Mayeso a pa intaneti ndinakhoza, kucheza koyamba kwa pa foni ndinadutsanso. Tsopano kwatsala ma intavyu anayi tsiku limodzi, aliyense pafupifupi ola, pa kanema. Dzulo mnzanga amene tinaphunzira limodzi ku MUBAS anandiyesa, iye akukhala ngati wofunsa. Funso la code ndinalipeza ndithu, koma akuti ndinatha mphindi 12 osatulutsa liwu, ndipo atandifunsa za ntchito yanga ndimangoti "tinaona, tinakonza, tinamaliza". Akuti akanakhala iye sakanandilemba. LeetCode, webusaiti ya mafunso oyeserera code, ndachita mpaka maso kuwawa. Ndigwire pati?

Madala Phiri (Namwera): Mwana wanga, ine za code ndinazisiya kalekale, zanga ndi mawaya ndi ma router. Koma ndikufunse, tsikulo udzakhala kuti? Maola anayi pa kanema, mwezi uno wa Okutobala, ndi kutentha kwa ku Boma kumeneko, laputopu imayamba kulira ngati chigayo. Nanga magetsi akathima uli pakati pa intavyu yachiwiri?

Jafali: Ndimaganiza zokhala kunyumba madala, ku Mpondasi. Power bank ndili nayo.

Madala Phiri: Power bank ya foni siidzutsa laputopu. Peza chipinda pamalo pamene pali sola kapena inverter, kaya ndi loji ya kunyanja, ulipire tsiku limodzi, ndalama imeneyo usaimvere chisoni. Utenge ma SIM awiri, TNM ndi Airtel, onse uwathire bandulo. Upite kukayesa kanema pamalo omwewo, nthawi yomweyo ya tsiku, chifukwa netiweki ya m'mawa ndi ya masana sizifanana. Mahedifoni akhale a waya. Fani usailozetse ku maikolofoni, anthu adzangomva mphepo.

Che Amini (Malindi): Ndipo ngati akupatsa Lachisanu masana, pempha tsiku lina. Amasintha popanda vuto, recruiter, amene amakonza za ma intavyu ku kampaniko, ntchito yake ndi imeneyo. Usamachite kuyankha mafunso mtima uli ku mzikiti. Koma ine ndikuona kuti ungowonjezera LeetCode, ma graph ndi dynamic programming. Code ikakhala yolondola zinazo n'zokometsera chabe.

Abiti Saidi (Monkey Bay): Che Amini, apo ndiye sindikugwirizana nanu. Ine kampani ina yakunja inandibweza kawiri code yanga ili yolondola, ndisanapeze kumene ndikugwira panopa. Che Jafali, mnzanu uja wakuuzani chilungamo, mumugulire chambo.

Tiyambe ndi "tinachita". Kwathu kuno mwana woleredwa bwino sanena kuti "ndine ndinakonza". Ukatero amati wayamba kudzimva, ndiye tinazolowera kubisala m'gulu. Koma wofunsa uja sakulemba ntchito ofesi yanu yonse, akulemba inu nokha. Akamva "ti-" kanayi kasanu, saganiza kuti ndinu wodzichepetsa ayi, amangolemba kuti sanamve chimene munthuyu anagwira ndi manja ake. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, achimwene.

Ku Amazon nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kwina. Ali ndi mfundo zimene amazitcha Leadership Principles, zinali 14, mu 2021 anawonjezera ziwiri kukhala 16. Zili poyera pa webusaiti yawo, kawerengeni usiku uno. Wofunsa aliyense amapatsidwa zingapo zoti akufufuzeni nazo, ndiye ngakhale mu intavyu ya code, gawo lina la nthawi limapita ku mafunso a mtundu wa "tandiuzeni nthawi imene munasemphana maganizo ndi bwana wanu". Mmodzi mwa anthuwo amakhala Bar Raiser, wochokera ku timu ina osati imene mukufuna kulowayo, ndipo mawu ake amalemera posankha. Tsono tandifotokozereni ntchito imodzi imene mumainyadira, mmene mungafotokozere tsikulo.

Jafali: Chabwino achemwali. Kubungwe kumene ndikugwira tinapereka matabuleti kuzipatala zing'onozing'ono za kumudzi, cha ku Makanjira uko, kuti azilembamo odwala. Netiweki kumeneko ndi yapatalipatali, ndiye tabuleti imasunga kaye n'kutumiza ikaigwira. Tinaona kuti wodwala mmodzi akumapezeka kawiri kapena katatu pa server. Tinafufuza, tinakonza, vuto linatha.

Abiti Saidi: Mwamva nokha? Ndani anafufuza?

Jafali: Ine.

Abiti Saidi: Anapeza chiyambi chake ndani? Ndipo chinali chiyani?

Jafali: Ine ndemwe. Ndinakhala masiku atatu ndikuwerenga ma log, mmene makina amalemba zonse zimene zachitika. Tabuleti imatumiza rekodi, server imailandira, koma netiweki imaduka yankho loti "ndalandira" lisanabwerere. Tabuleti imaona ngati sizinafike, imatumizanso. Ndiye ndinapanga zoti rekodi iliyonse izipatsidwa UUID, nambala yakeyake yosafanana ndi ina, pa tabuleti pomwepo ikangolembedwa, server ikaona nambala imene ili nayo kale isalembenso, ingoyankha kuti zafika.

Abiti Saidi: Eee, ndiye chuma chonsechi mumachikwirira ndi "tinakonza"? Chimene mwafotokozachi dzina lake ndi idempotency, ndipo anthu a ku AWS, nthambi ya Amazon yobwereketsa ma server pa intaneti, amalimbana nacho tsiku ndi tsiku. Musaiwale kuti EC2, imodzi mwa ntchito zikuluzikulu za AWS, imene inatuluka mu 2006, inamangidwa ndi timu ya ku Cape Town komweko, ndipo kuyambira 2020 AWS ili ndi region, malo a ma server ake, mumzindamo. Anthu amenewo akamva za tabuleti ya ku Makanjira imene imatumiza kawiri, adzakhala tcheru, chifukwa ndi vuto lawo lomwe, longovala malaya ena. Pa mfundo 16 zija, masiku atatu a ma log aja ndi Dive Deep, kufufuza mozama. Nkhani imodziyi ikhoza kuyankhanso Ownership, kutenga ntchito ngati yako.

Muiyale motsatira STAR. Poyamba mmene zinthu zinalili, ziganizo ziwiri basi. Kenaka chimene chinali pamutu panu. Kenaka zimene inuyo munachita, apa ndi pamene mukhalitse, ndipo mneni aliyense ayambe ndi "ndi-". Pomaliza zotsatira, ndi nambala. Bwererani ku database mukawerenge kuti ma rekodi obwereza analipo angati musanakonze ndipo anatsala angati. Musapeke nambala, adzakufunsani kuti munaiwerenga bwanji. Nkhani zoterezi mukhale nazo 6 kapena 8, imodzi ikhale ya chinthu chimene munalakwitsa inu mwini.

Jafali: Nanga ija ya kusemphana ndi bwana? Ndaiona pa mfundo zija, "Have Backbone; Disagree and Commit". Pa nkhani yomweyi bwana ankafuna kuti makalaliki azingofufuta obwerezawo pamanja mwezi ukatha. Ine sindinatsutse pamsonkhano, ndi munthu wamkulu, msinkhu wa bambo anga. Ndinangokapanga zanga kunyumba usiku, zitayenda ndinakawaonetsa ali okha mu ofesi.

Che Amini: Ungonena kuti unaimirira pamsonkhano n'kuwatsutsa. Adziwa bwanji a ku Cape Town?

Tiyamike (Makawa): Ayi Che Amini, musamuphetse mwana. Amafunsa mobwereza, "anayankha kuti chiyani, inu munati chiyani, panali ndani". Bodza silifika funso lachitatu. Jafali, fotokoza mmene zinalili, koma unene chifukwa chake. Unaona kuti kutsutsa munthu wamkulu pagulu kukanamuumitsa mtima, ndiye unasankha kupita ndi umboni ali yekha, ndipo unamuuza maso ndi maso kuti njira ya pamanja idzasokoneza malipoti. Kumeneko n'kutsutsa ndithu. Chimene sakufuna kumva ndi munthu amene anaona cholakwika n'kungokhala chete. Akakufunsa chimene ungasinthe lero, unene zoona, kuti ukanawauza msanga usanayambe kugwira usiku mobisa.

Tsono za kungoti zii zija. Ine ndimaphunzitsa ana programming, ndipo matendawa ndimawadziwa. Sukulu zathu zinatiphunzitsa kuti mayeso ndi chete, woyankhula ndi wakuba. Komanso ambirife timaganiza m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndiye kuti uganize, ulembe code, uzimasuliranso m'Chingerezi nthawi imodzi, pakamwa ndi pamene pamayamba kutseka. Koma wofunsa sangaone m'mutu mwako. Ukakhala chete sangakuthandize ngakhale utalowera kutchire, pamene ukamayankhula amakukokera kunjira, ndipo mmene walandirira thandizolo amalembanso.

Tiyese. Ndakupatsa mndandanda wa mitengo ya nsomba pa doko, ndipo kasitomala ali ndi K5,000. Peza nsomba ziwiri zimene mitengo yake ikukwana ndendende ndalamayo. Usalembe code. Uyamba ndi chiyani?

Jafali: Hash map, posungira mitengo imene ndaiona kale kuti ndiziipeza msanga. Ndikamayenda mumndandanda, pa mtengo uliwonse ndiona ngati 5,000 kuchotsa mtengowo ndaiona kale.

Tiyamike: Yankho ndi lomwelo, koma walumpha mtsinje. Safunsa anadya phula. Mndandandawo ndi wosanjidwa kale? Ngati ndi wosanjidwa, two pointers, kuyenda kuchokera kumayambiriro ndi kumapeto nthawi imodzi, ikukwana popanda kudya memory ina. Mitengo ingafanane? Nsomba imodzi ndingaiwerenge kawiri? Pakapanda ziwiri zokwana ndibweze chiyani? Akufuna mitengo kapena malo ake mumndandanda? Ukatha kufunsa, nena njira yaulesi mokweza, kuyerekeza nsomba iliyonse ndi inzake zonse, O(n²), kutanthauza kuti nsomba zikachuluka kawiri ntchito imachuluka kanayi. Kenaka unene chimene chikukuwawa panjirayo, ndiye ubweretse hash map yako, nthawi O(n), memory O(n). Ufunse ngati akugwirizana nazo, kenaka ulembe. Ukamaliza usanene kuti "ndatha". Tenga mitengo inayi, uyende nayo mzere ndi mzere ukuyankhula, uyesenso mndandanda wopanda kanthu. Kawirikawiri polembera pawo sipayendetsa code ndipo sipakumalizira mawu, ndiye masiku atsalawa uzilemba mu editor wamba.

Ndipo ukafuna kuganiza mwakachetechete n'zololedwa, ungonena kuti akupatse kamphindi. Kamphindi, osati mphindi 12.

Che Amini: Chabwino, ndagonja. Komabe ma graph asawasiye, BFS ndi DFS, njira ziwiri zoyendera mu graph, zimabwera.

Abiti Saidi: Asawasiye inde, koma funso limodzi patsiku, akuyankhula mokweza, foni ikujambula. Madzulo amvere yekha. Zimachititsa manyazi tsiku loyamba, ine mayi anga ankaganiza kuti ndayamba kuyankhula ndekha ngati wozungulira mutu. Funsaninso recruiter ngati padzakhale system design, mafunso a kamangidwe ka system yonse, zimatengera mlingo wa udindowo. Kufunsa zimenezo sikuchotsetsa malikisi.

Madala Phiri: China chimene ana inu mumaiwala ndi nthawi. Cape Town ndi ife wotchi ndi imodzi. Koma wokufunsa akhoza kukhala ku Dublin, ndipo ku Ulaya amabweza wotchi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala. Panopa Dublin ili kumbuyo kwathu ndi ola limodzi, ikadutsa sabata imeneyo adzakhala maola awiri. Uone bwino kuti nthawi imene alemba mu imelo ndi ya kuti.

Jafali: Ndaona madala, alemba SAST, ndiye ndi yathu yomwe. Ndi Lachiwiri, kuyamba 10 koloko m'mawa. Loji ndapeza cha ku Nkopola, ali ndi sola, ndikayesa netiweki Loweruka. Achemwali, ndalembanso chiyambi cha nkhani ija, tamverani: "Nditaona kuti odwala akulembedwa kawiri, ndinawerenga ma log masiku atatu, ndinapeza kuti tabuleti imatumizanso yankho likasowa, ndiye tinaganiza zoika UUID."

Abiti Saidi: "Tinaganiza" ndi ndani?

Jafali: Ndinaganiza.

Abiti Saidi: Eya. Lachitatu 7 koloko madzulo ndikuimbirani pa kanema, ine ndidzakhala Bar Raiser, a Tiyamike abwere ndi funso la code limene simunalionepo. Mubwere ndi nkhani zitatu ndi nambala za ku database zija. Che Amini, inu mudzagwire wotchi, akangokhala chete masekondi 30 mudzakhosomole.