Mayi akudwala kumudzi, masiku a ILR akupita: zokambirana pagulu la anamwino a ku Mangochi

Wa ku Leeds, panopa ku Namwera: Asisi ndi achimwene, ndithandizeni maganizo. Ndili pa Health and Care Worker visa, viza ya ku UK ya ogwira ntchito zaumoyo, zaka zisanu zikwana mu Novembala, ndiye ndikuyembekezera kupempha ILR (Indefinite Leave to Remain), chilolezo chokhazikika ku UK popanda malire a nthawi. Koma pano ndili kumudzi. Ndinanyamuka ku UK pa 2 Malichi mayi atagwidwa sitiroko. Kuchipatala anatuluka, koma mbali yakumanja sikugwira, kudya mpaka kuwadyetsa. Ndimati ndikhale mpaka kumapeto kwa Ogasiti, poti amati wofuna ILR asakhale kunja kwa UK kupitirira masiku 180 pa chaka. Ndikulondola?

Wa ku Leicester: Pepani ndi matenda asisi. Chaka chathachi munabwerako kumudzi?

Wa ku Leeds: Eya, pamaliro a bambo. Ndinanyamuka pa 10 Ogasiti n'kubwerera pa 21 Seputembala. Koma chimenecho si chaka china?

Wa ku Leicester: Ambiri akugwera pomwepo. Home Office, unduna wa ku UK woona za maviza, siwerenga kuyambira Januwale mpaka Disembala ayi. Amatenga miyezi 12 iliyonse yotsatizana, kuyambira tsiku lililonse, n'kuona ngati masiku amene munali kunja apitirira 180. Kawerengedwe kameneka kanayamba pa 11 Januwale 2018. Tsiku lonyamuka ndi lofika sawerenga, amawerenga masiku athunthu okha. Ndiye ulendo wamaliro uja ndi masiku 41, mwatsala ndi 139. Kuyambira pa 3 Malichi, amenewo akutha pa 19 Julayi. Pa 20 Julayi mukhale mutatera, ndipo ine ndingati musadikire kufika pamenepo. Ndege ikangochedwa ku Addis Ababa usiku umodzi, zaka zisanu muziyambanso.

Mzamba wa ku Monkey Bay: Mwana wanga, pepa. Koma inu a kunjako, munthu akudwazika mayi ake omubereka, boma limenelo silingamve?

Wa ku Leicester: Limamva amayi, koma ndi mapepala. Malamulo amalola kusawerenga masiku amene munthu anakhala kunja chifukwa cha imfa kapena matenda oika moyo pachiswe a wachibale wapafupi. Mayi ndi wachibale wapafupi, palibe wotsutsa. Chovuta n'chakuti wogamula ndi ofesala amene wagwira fayilo yanu. Masabata amene mayi anali m'chipatala ali kayakaya angawamve msanga. Miyezi yowasamalira kunyumba atayamba kupezako bwino, angafunse kuti kodi panalibe wina. Choncho mapepalawo akhale othandizira ngati zavuta, koma tikiti igulidwe potengera 180.

Wa ku Manchester: Asisi, ine nkhawa yanga ili pena. Kuntchito munachoka bwanji? Malipiro akulowa?

Wa ku Leeds: Holide yanga inatha kumapeto kwa Malichi. Kuyambira Epulo ndili pa tchuthi chosalipidwa, manejala wa wodi anavomera pafoni.

Wa ku Manchester: Pafoni sipokwanira, ndipo nkhaniyi ndi yachangu kuposa ya Julayi. Siponsa, kutanthauza okulembani ntchito amene akukuimirani pa viza, ali ndi lamulo lake: wantchito akakhala osalipidwa kupitirira masabata anayi m'chaka, kuyambira Januwale mpaka Disembala, amayenera kusiya kumuimira, pokhapokha ngati ndi tchuthi cha uchembere, kudwala kwa iye mwini ndi zina zochepa. Kudwazika kholo sikuli pamndandanda umenewo. Angathe kupitiriza kukusungani ngati chifukwa chili chachikulu, koma ayenera kudziwitsa Home Office n'kufotokoza. Akakusiyani, viza imafupikitsidwa, nthawi zambiri mumatsala ndi masiku 60 oti mupeze siponsa wina, ndipo kusaka ntchito muli ku Namwera, netiweki yake ija, si zinthu. Lemberani a HR, ofesi yoona za antchito, lero, osati manejala. Afunseni ngati anena kale ku Home Office, ndipo akuyankheni pa imelo. Popempha ILR mudzafunikanso kalata yawo yotsimikizira kuti akukufunanibe pantchito, ndiye ubale ndi ofesi imeneyo usawonongeke.

Wa ku Leeds: Mayo ine. Masabata anayiwo akutha sabata ino.

Kiliniko ofesala wa pa boma: Za mapepala ndithandizepo. Buku la kuchipatala lokha silikwana, zolemba zathu zija mlendo sangaziwerenge. Pemphani lipoti lotayipa m'Chingerezi, papepala la chipatala, lokhala ndi tsiku limene anagonekedwa, limene anatuluka, dzina la matenda, ndi mawu omveka kuti moyo unali pachiswe komanso kuti sangadzisamalire okha. Asayine amene anawaona, adinde chidindo. Chitani pano fayilo isanasowe m'mashelefu. Setifiketi ya imfa ya bambo ndi yanu yobadwa zikhalenso pafupi, zosonyeza ubale.

Mzamba wa ku Monkey Bay: Ine zimandiwawa kuti mwana wophunzira unamwino aziwerenga masiku okhala ndi mayi ake. Koma ukataya ntchito, mankhwala ndi fizo alipira ndani? Itana abale mukhale pansi sabata ino. Wina umuphunzitse kutembenuza wodwala, kusamala zilonda za pabedi ndi kuwongola ziwalo iwe usanapite.

Wa ku Leicester: Komanso asisi, boma la UK linalengeza mu Meyi 2025 maganizo okweza zaka zodikira ILR kufika pa khumi, ndiye muziona tsamba la gov.uk pafupipafupi, ndipo nthawi ikakwana musazengereze. Fomu mungatumize kutatsala masiku 28 kuti zaka zisanu zikwane. ILR ikatuluka mpata umakula, pankhani ya maulendo imafa pokhapokha mutakhala kunja kupitirira zaka ziwiri zotsatizana. Koma ngati mukuganiza za unzika wa UK, kumeneko malire ndi masiku 450 pa zaka zisanu, ndi 90 m'chaka chomaliza.

Wa ku Leeds: Zikomo nonse. Imelo ya HR ndatumiza tsopano. Mawa ndikwera minibasi kutsikira pa boma kukapempha lipoti. Achimwene a pa boma, ofesi yake ndikayambire iti, ndipo ndifike nthawi yanji?

Kiliniko ofesala wa pa boma: Yambirani kuwodi imene anagonekedwa, m'mawa raundi isanathe. Mutenge buku lawo ndi chitupa chawo cha unzika.