Kadet pa CZ 75 ikukana kulira: vuto ndi zipolopolo kapena mfuti?

Mlangizi wa alonda, Pretoria: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Zipolopolo za 9mm zakwera mtengo moti ophunzira anga akungowombera zochepa, dzanja lisanazolowere n'komwe. Ndinagula Kadet, zida zija timaika pa mfuti ya m'manja ya CZ 75 tikachotsa mpope ndi slide (chigawo chapamwamba chomwe chimabwerera m'mbuyo mfuti ikalira), kuti iziwombera zipolopolo zing'onozing'ono za .22 LR. Koma pa magazini ya zipolopolo 10, zina sizikulira, zina khoko likukanirira pakhomo potuluka.

Wokonza mfuti: Achimwene, amenewo ndi mavuto awiri osiyana. Khoko likamakanirira, yambani mwaona zipolopolo. Pa 9mm mpope ndi slide zimakolana kaye, pomwe pa .22 slide imangobwezedwa ndi mphamvu ya chipolopolo chenichenicho, ndiye chikakhala chofooka siyifika kumbuyo. Yesani za high velocity (zaliwiro kwambiri) zolemera 40 grain, monga CCI Mini-Mag. Komanso .22 ndi yauve kwabasi. Mtovu wake amaupaka phula, phulalo likasakanikirana ndi mwaye wa wonga limamata m'chipinda cha chipolopolo. Tsukani ndi kabulashi, mafuta pang'ono chabe.

Mlangizi wa alonda, Pretoria: Nanga zosalirazo, bwana? Ndikazibwezeramo kachiwiri zikulira.

Wokonza mfuti: Pamenepo mwandiuza zambiri. Pa 9mm mankhwala oyatsira ali m'kabatani kapakati. Pa .22 ali m'mphepete mozungulira, ndipo pini yomenya chipolopolo iyenera kufinya mkuwa weniweniwo, choncho imafuna nkhonya yamphamvu. Kodi sipuling'i ya hamala yomenya piniyo munasinthapo kuti trigger ifewe? Ambiri a mipikisano amatero pa CZ, kenako Kadet n'kumawavuta. Taonani chipsera pa khokolo: ngati n'chosazama, bwezerani sipuling'i ya kufakitale.

Mlangizi wa alonda, Pretoria: Mfutiyi ndinagula kwa munthu wa mipikisano, ndiye zikhoza kutheka.

Mayi woyang'anira malo owomberapo: Ine ndiwonjezere ziwiri, abambo. Chipolopolo chikakana, wophunzira asafulumire kutsegula. Mfuti ilozebe kuchandamale kwa masekondi 30, chifukwa chikhoza kulira mochedwa. Ndipo Kadet ikakhalapo musawalole kukoka trigger mulibe kanthu, pini ikhoza kumamenya m'mphepete mwa chipinda n'kupawononga.

Chachiwiri n'cha malamulo, ndipo ndimachinena kwa aliyense. Ku America zida zonga Kadet m'madera ambiri amagula ngati sipeyala wamba. Kuno ku South Africa, Firearms Control Act ya 2000 imawerengera mpope pawokha ngati mfuti. Ndikhulupirira laisensi yake muli nayo.

Mlangizi wa alonda, Pretoria: Ilipo mayi, ndinadikira mpaka inatuluka.

Mlangizi wopuma pantchito: Mwana wanga, nkhawa yanga ili kwina. Ubwino wa Kadet ndimauvomereza: chogwirira ndi chomwecho, trigger ndi yomweyo, ndipo wamantha amaphunzira kuchalira osatsinzina. Koma .22 siyikankha m'manja. Mlonda wozolowera yokhayo, tsiku logwira 9mm chipolopolo chachiwiri chimapita kwina. Ine ndinkati tsiku lililonse amalize ndi magazini imodzi ya 9mm. Amene ali ndi Glock 19 angaganizirenso Glock 44 ya .22, yomwe inalengezedwa mu 2019, kukula kwake n'kofanana.

Mlangizi wa alonda, Pretoria: Ndabwerako akuluakulu. Sipuling'i inalidi yofewa, ndaikamo ya kufakitale, ndatsuka, ndasintha zipolopolo. Magazini zikutha bwinobwino tsopano. Za kumaliza ndi 9mm zija, madala, ndiyamba ndi gulu la Lolemba.